Ndikufuna kukankha Ryzen 5 5600X yanga koma kutentha kwa Okutobala kukundiopsa

wa_ku_Kabwata:
Akuluakulu muli bwanji. Ndili ndi kompyuta ya magemu yomwe ndinalumikiza pang'onopang'ono chaka chatha, CPU ndi Ryzen 5 5600X pa motherboard ya B550, RAM 16GB, GPU (khadi ya zithunzi) ndi GTX 1660 Super, cooler ndi kaja kamabwera m'bokosi ka Wraith Stealth. Ndimafuna kuyesa overclock (kukankha CPU kuti izithamanga kuposa liwiro la ku fakitale) kuti gemu ya Warzone izithamangako bwino chifukwa imachita kakasi pakachuluka anthu malo amodzi, koma dzulo masana ndinatsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa CPU, uku ndikusewera, kuyang'ana madigiri ali pa 88, chonsecho mu BIOS (ma setting a motherboard) sindinagwiremo kalikonse. Chipinda changa ndi cha malata chopanda siling'i ndiye mukudziwa mmene kukuwotchera Lusaka mwezi uno. Ndiyambire pati kuti ndisapsereze chinthu? Ndalama yogulira ina palibe ndithu.

mudala_wa_Matero:
Mphwanga, pa 88 usayambe n'komwe. 5600X malire ake ndi madigiri 95, ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye iwe ukawonjezera voltage pa ka cooler kameneko ungoyifikitsa msanga pa 95 gemu n'kumayenda moipa kuposa lero. Ka Wraith Stealth anakapangira ma watt 65 aja basi, si kolimira munda waukulu.

Tsegula kaye kesi uone. Ine yanga nditatsegula mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ija itadutsa, ndinapeza pakati pa fani ndi zitsulo za cooler pachita kabulangete kofiirira koti ndinachita kukasenda ndi zala ngati khungu la mbatata yophika. Puliza fumbilo panja, ugwire fani ndi chala isamazungulire pamene ukupuliza. Kenako pukuta thermal paste (phala lija la pakati pa CPU ndi cooler) wakale ndi spirit, uike watsopano kadontho konga nsawawa pakati. Pochotsa cooler yamba wayatsa makina mphindi zingapo kuti paste afewe, ndipo uzipotokola pang'ono m'malo mozula, apo ayi pa socket ya AM4 ngati yakoyo CPU imatuluka itamatirira ku cooler mapini n'kupindika. Ukapeza kandalama gula tower cooler ya fani ya 120mm, ku Kamwala kapena m'tauni zimapezeka.

chelstone_byte:
Amdala anena zoona, koma ine ndiwonjezere kuti pa Ryzen 5000 overclock yachikale ija yongolemba 4.7 GHz pa ma core onse n'kuthira voltage phindu lake n'lochepa kwambiri. Chip imeneyi payokha imachoka pa 3.7 kukafika 4.6 GHz ikaona kuti kwazizira. Ndiye masewera ake apa ndi kuyimana magetsi, osati kuyiwonjezera. Lowa mu BIOS, yatsa PBO (Precision Boost Overdrive, yomwe imalola CPU kudzikankha yokha), pita pa Curve Optimizer (posinthira voltage ya ma core), sankha negative. Imalola mpaka 30 koma usathamangire pamenepo, yamba ndi 10 pa ma core onse, yendetsa Cinebench R23, pulogalamu yolemetsa CPU poiyesa, mphindi 10 uku ukuyang'ana HWiNFO, zikakhala bwino pita 15, kenako 20, choncho choncho. Voltage ikatsika kutentha kumatsikanso ndipo yokha imakhalitsa pa liwiro lapamwamba.

Pomwe anthu amapusitsika ndi apa, Curve Optimizer ikapitirira muyezo kawirikawiri sigwa pa ntchito yolemetsa ayi, imagwa pamene makina angokhala. Cinebench imatha bwinobwino iwe n'kudziwomba pachifuwa, kenako usiku ukuonera YouTube kompyuta n'kungozima n'kuyakanso yokha. Zikatero tsegula Event Viewer ya mu Windows uyang'ane ma error a hardware otchedwa WHEA, ndiye ubwerere m'mbuyo ndi 5. Ma core awiri omwe ali abwino kwambiri nthawi zambiri ndi omwe salola nambala yaikulu, amenewo uwapatse yawoyawo. OCCT ndi Prime95, zoyesera CPU zina, zithandizanso koma ndi chipinda cha malatacho Prime95 masana usayese, dikira usiku. Komanso dziwa kuti kwa AMD ngakhale PBO amaiwerenga ngati overclock, chinthu chikawonongeka nayo warranty siigwira.

mayi_wa_ma_PC:
Nonse mukukamba za kutentha palibe wafunsa power supply (PSU) yake ndi yotani. Achimwene, tiuzeni dzina lake ndi ma watt. Ine zinandionekera chaka chija cha 2024 madzi atatsika ku Kariba magetsi akumabwera pakati pausiku, ndinali ndi PSU ina yotchipa yomwe wogulitsa wina anandilumbirira kuti ndi 600W, yopepuka ngati paketi ya mabisiketi yopanda kanthu. Tsiku lina magetsi anangobwera mwamphamvu ndinamva kuti phuu, kafungo ka pulasitiki wopserera chipinda chonse, motherboard inapita limodzi nayo. CPU inapulumuka mwamwayi chabe. Ndiye musanaganize za ma GHz pezani PSU ya 80 Plus Bronze ya kampani yodziwika ndi ka UPS (batire yogwirizira magetsi akathima), ndipo chonde BIOS musamaichite update popanda UPS, magetsi akathima ili pakati mudzalira.

Zikakanika kuyaka mutasintha zinthu musachite mantha, zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira kaja ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zochepa, BIOS ibwerera mwakale.

wa_ku_Kabwata:
Zikomo kwambiri nonse. Amdala fumbi lomwe ndapezamo ndachita nalo manyazi, paste nayenso anali atauma gwa ngati dothi la pachulu. Ndapukuta ndaika wina, panopa ikusewera pa 79 masana omwewo. Amayi PSU ndi 550W Bronze, UPS ndilibe, ndigula kumapeto kwa mwezi. Koma pali china chandidabwitsa, mu Task Manager RAM ikulemba 2133 pomwe pa paketi analemba 3200, anandibera kapena?

chelstone_byte:
Hahaha ayi sanakubere boyi, chaka chonse wakhala ukuyendetsa galimoto pa giya yachiwiri. DDR4 imayamba pa 2133 mpaka utayatsa wekha XMP (setting yopatsa RAM liwiro lolembedwa pa paketi) mu BIOS, ngati bodi yako ndi ASUS amaitcha DOCP. Yatsa imeneyo kaye usanagwire Curve Optimizer, Ryzen imakonda RAM yothamanga ndipo kugwagwa kwa Warzone kuja mwina kuchepa ndi zimenezi zokha. Uonenso ngati 16GB yo ndi timitengo tiwiri ta 8GB, tikhale mu slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku CPU. Ukamasewera yang'ana GPU usage, ikamakhala pa 99% ndiye kuti yomwe yatopa ndi 1660 Super yo, CPU ngakhale uikankhe bwanji palibe chisinthe.

wa_ku_Kabwata:
Ndi tiwiri koma tagundizana slot yoyamba ndi yachiwiri. Ndizimitse ndisunthe, magetsi akapanda kundiyambirira ndibwera ndi manambala usiku uno.