Za kathiraki ka rimoti kokhotera kumanzere kaja

Funso lomwe tinalandira linali lakuti kathiraki ka rimoti kakukhotera kumanzere pakokha pomwe chiwongolero chili pakati. Tinati sinthani trim (kabatani ka pa rimoti kosunthira mawilo pang'ono kuti alunjike), koma yankholo linali loperewera, chifukwa trim imangobisa vuto.

Yambani ndi servo, kamota komwe kamakhotetsa mawilo akutsogolo. Masulani horn (kamkono komangidwa pa servo), yatsani rimoti kenako galimoto, trim ndi sub-trim (trim ina ya mu menyu ya rimoti) zikhale pa 0. Servo idzaima pakati yokha, ndiye bwezeretsani horn mawilo atalunjika kutsogolo. Pa servo ya mano 25 pomwe pamalowa horn, monga za Futaba, mukaphonya dzino limodzi mwapotoza madigiri 14.4, ndipo kukonza zimenezo ndi trim kumachepetsa kukhota mbali imodzi.

Kenako ma turnbuckle awiri akutsogolo (tizitsulo tomwe timakoka mawilo pokhota) akhale ofanana kutalika.

Chomwe ambiri sachiona ndi ichi: galimoto ikamatsalira mbali yomwe mwakhotera komaliza, kayikirani servo saver (kachipangizo ka sipuling'i koteteza servo mawilo akagunda chinthu). Mwina sipuling'i yafooka, mwina mwalowa fumbi, ndipo fumbi la mu Lusaka m'chilimwe muno silisiya malo. Itsukeni, mumange nati yake pang'ono. Girisi ayi, amagwira mchenga.

Pomaliza nyamulani galimoto, muzungulitse wilo lililonse ndi chala. Lomwe likuima msanga uku likukhwekhwereza, bering'i yatha. Sinthani mabering'i onse awiri a wilolo.