Kodi mayi anga adafesa chiyani kuti matope awatengere nyumba?

Nachisale wa ku Chilobwe:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atavuta, matope ochokera m'phiri la Soche adakokolola nyumba ya mayi anga. Adapulumuka ndi chitenje chomwe adavala, ndi Baibulo lomwe mpaka lero masamba ake ngomatana. Lamulungu lapitali, mayi wina wa kumpingo adandiuza kuti, "Mwanawe, chimene munthu achifesa, chimenenso adzachituta." Mayi angawa adalera ana amasiye atatu. Pa njala ya 2002 ankagawana gaga ndi anansi, ife tikumwa phala lamadzimadzi. Ndiye adafesa chiyani? Tulo sindikuwona.

Bambo a Chisomo:
Pepani achemwali. Mawuwo ali pa Agalatiya 6:7, koma pitirizani vesi 8: Paulo akunena za kufesera thupi kapena kufesera Mzimu. Za matope mulibe. Muwerengenso Luka 13:4. Nsanja ya ku Siloamu idagwa n'kupha anthu 18, ndipo Yesu adakanitsitsa kuti iwowo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Mayi akumpingowo adalankhula ngati abwenzi a Yobu, ndipo mukudziwa kuti Mulungu adawakwiyira abwenziwo.

Mphiri wa ku Zingwangwa:
Ine ndinena zowawa. Kufesa kudalipo ndithu, koma sadafese ndi mayi anu okha ayi. Ndili mwana, phiri la Soche linali ndi mitengo yoti dzuwa osalowa. Tidadula tonse, ena nkhuni, ena kuwotchera njerwa, nanenso mtolo ndidasenzapo. Chimandipweteka n'choti adakolola ndi omwe nyumba zawo zinali m'munsi, ambiri oti nkhwangwa sadayigwirepo.

Gogo Nabanda:
Mdzukulu wanga, akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Iwe ukuyang'ana nyumba yokha. Tandiuza, mayi ako atagona pamsasa, adawafunditsa ndani?

Nachisale wa ku Chilobwe:
Agogo, mwandiliza. Tsiku lachiwiri pasukulu pomwe anthu ankagona padafika mnyamata, mmodzi mwa amasiye aja, tsopano amayendetsa kabaza ku Ndirande. Adabwera ndi bulangeti lake lomwe ankafunda yekha, ndi ndowa ya ufa atamangirira pambuyo. Sadalankhule zambiri, adangogwada n'kuti, "Amayi, tiyeni kwathu." Mpaka pano ali komweko, m'chipinda chake, iye akugona pabalaza.