Za perefyumu wa nyengo yachisanu uja ndinafunsa

Paja ndinafunsa za perefyumu woyenera nyengo yachisanu, woyamba ndi fungo la mandimu, wosatsekemera ngati switi, koma wokhalitsa pathupi. Zikomo nonse amene munayankha. Ambiri munati ndifunefune a mtundu wa chypre, oyamba ndi fungo ngati la mandimu n'kumathera ndi fungo la ndere za m'mitengo, ndipo munalondola.

Ndinagula Mitsouko wa kampani ya Guerlain, amene anatuluka mu 1919, patapita zaka ziwiri wopanga perefyumu wina, François Coty, atatulutsa Chypre wake mu 1917, perefyumu yemwe dzina lake linadzakhala la mtundu wonsewu. Mukangopopera mumamva bergamot, kachipatso kofanana ndi mandimu kamene amalima kwambiri ku Calabria, ku Italy. Kenako pamabwera maluwa, rozi ndi jasmine, ndi kafungo ka pichesi. Koma chimene chandigwira mtima ndi fungo lotsalira kumapeto, la oakmoss, ndere zomera pamakungwa a mitengo, zonunkhira ngati dothi lonyowa la m'nkhalango. Kukatentha limandilemera mpaka mutu kuwawa. M'mawa wa chiperoni limatuluka pang'onopang'ono, ndipo pa juzi limafika madzulo.

Inu amene munati botolo lakale la amayi anu linkanunkhira mwamphamvu kuposa a masiku ano, simukulota ayi. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linaletsa atranol ndi chloroatranol, zinthu za mu oakmoss zoyambitsa ziwengo, choncho opanga amagwiritsa ntchito oakmoss yochotsedwa zinthuzo. Ine ndimaona kuti watsopanoyu ndi wopepukirapo, koma akukomabe.

Mtengo wake ngowawa, choncho yambani ndi kabotolo koyesera musanagule lalikulu.