Ndigule IC-7300 tsopano kapena ndidikire IC-7300MK2?

A Phiri, Zomba

Moni nonse. Ndalandira chiphaso changa cholankhulirana ndi anthu akutali pa wailesi (amateur radio) kuchokera ku MACRA posachedwapa, ndipo ndalama zimene ndakhala ndikusunga zakwana kugula wailesi imodzi ya HF (ya mafunde ofika kutali) ya mawati 100. Mtima wanga unali pa Icom IC-7300, imene mlamu wanga angathe kundibweretsera kuchokera ku Johannesburg, koma ndamva kuti pa chionetsero cha Tokyo Ham Fair mu Ogasiti 2025 kampaniyi idaonetsa IC-7300MK2, yolowa m'malo mwa yakaleyo. Kodi ndi nzeru kugula wailesi imene idatuluka mu 2016 pamene yatsopano yalengezedwa kale? Ndikupempha uphungu wa inu amene mudayamba kale.

A Nkhoma, Lilongwe

Bambo Phiri, takulandirani ku 7Q, chizindikiro cha Malawi pa wailesi. Ine ndikuti gulani tsopano, ndipo chifukwa changa choyamba chili padzuwa. Mafunde a HF amafika kutali chifukwa amanjanja mumlengalenga wakumtunda n'kubwerera pansi, ndipo mlengalengawo umabweza bwino mafunde a bandi za mamita 10, 12 ndi 15 pamene dzuwa lili ndi madontho ambiri. Madonthowa amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11. Nyengo imene tilimoyi, ya nambala 25, idayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a sayansi a ku America a NASA ndi NOAA adalengeza kuti dzuwa lafika pachimake. Ndiye kuti kuchokera pano tikutsetsereka. Chaka chimene mungathe mukudikira n'chaka chimene mamita 10 akadakufikitsani ku Ulaya ndi ku Japan ndi waya wamba wopachika pamtengo wa mango, ndipo mwayi wotere sudzabweranso mpaka chapakati pa zaka za m'ma 2030.

Chachiwiri ndi kwacha. Wailesi zimenezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu kamodzin'kamodzi, mtengo wa dola n'kukwera ndi 44 peresenti. Amene anali atasunga ndalama zokwana wailesi yonse adadzuka m'mawa ali ndi zokwana pafupifupi 70 peresenti yokha ya mtengo wake. Malangizo akuti dikirani mtengo utsike amachokera kwa anthu amene amalandira malipiro m'madola ndi m'mapaundi.

Mayi Chirwa, Manchester

Ndikugwirizana ndi a Nkhoma pa za kwacha, koma sindikufuna kuti tiyankhe ngati kuti MK2 n'dzina chabe. Icom yaonjezapo zinthu zenizeni: polowetsa eriyo yolandirira mawu payokha, polumikizira HDMI kuti muonere pa sikirini yaikulu, polumikizira LAN kuti muziyendetsa wailesi muli kutali, komanso USB-C. Funso limene bambo Phiri ayenera kudzifunsa n'lakuti mwa zimenezi n'chiti chimene akuchisowa lero. Kwa munthu wokhala m'tauni ya phokoso la mainvata ndi machaja, amene akufuna kusaka mawayilesi akutali pa mamita 80 ndi 160, eriyo yolandirira payokha ndi nkhani yaikulu, ndipo woteroyo adikire ndithu. Kwa munthu amene akungoyamba kumene, wa eriyo imodzi, amene adzakhale pa SSB (kulankhula ndi mawu) ndi FT8 (timauthenga ta pakompyuta), yakaleyo imachita zonse kudzera pa chingwe chimodzi cha USB.

Dziwaninso kuti kuonetsedwa pa chionetsero si kufika m'sitolo. IC-705 idaonetsedwa ku Tokyo mu 2019 koma anthu adayamba kuigula mu 2020, ndipo Yaesu FTX-1 idaonetsedwa mu 2024 n'kudzagulitsidwa mu 2025. Zikatuluka, zoyamba zimapita kwa amene adalembetsa kale ku Japan, ku America ndi ku Ulaya kuno. Kumwera kwa Africa zimafika mochedwerapo. Komanso ogula oyambawo ndiwo amapeza zolakwika. Kenwood TS-590S ya mu 2010 idadandaulidwa chifukwa mphamvu yake inkalumpha poyamba kutumiza mawu, zimene zinkaopseza maamplifaya, ndipo TS-590SG ya mu 2014 idatuluka vutoli litakonzedwa.

Pali njira yachitatu imene sinatchulidwe. Yatsopano ikafika, eni ake a IC-7300 ambiri amagulitsa zawo kuti agule inayo. Mlamu wanuyo ayang'ane pa malonda a mamembala a SARL, bungwe la eni mawailesi otere ku South Africa; akapeza yogwiritsidwapo kale ntchito, aione itayatsidwa, ikutulutsa mawati 100 pa bandi zonse, ndipo ayese kukhudza sikirini m'makona onse asanapereke ndalama.

A Tembo, Chipata

Moni kuchokera ku 9J, kuno ku Zambia. Kudikira nako kuli ndi ngozi yake. Mu Okutobala 2020 fakitale ya AKM ku Nobeoka ku Japan idapsa, ndipo tizipangizo take tikusowa, mawailesi angapo adachedwa kupezeka. Kumapeto kwa 2022 Yaesu idasiya kupanga FT-818 ponena kuti zipangizo zake sizikupezekanso, ndipo amene ankati adzagula chaka chamawa adatsala ndi msika wa zakale wokha.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa m'funso lanu, achimwene, n'chakuti ndalama zakwana wailesi yokha. Wailesi ya mawati 100 imafuna magetsi a 13.8 V ndipo imakoka ma ampeya opitirira 20 potumiza. Kwathu kuno, kumene magetsi amazimazima, mufunika batire yolimba ndi njira yoichajira, kenako coax yabwino (chingwe cholumikiza wailesi ndi eriyo), waya wa eriyo, ndi ndodo yokhomera pansi yoteteza ku mphenzi, popeza dzinja silichedwa. Ngati MK2 idzadye ndalama zonsezi, idzangokhala patebulo ikuwala. Wailesi imene yakhala pamsika kuyambira 2016 ilinso ndi ubwino wina kwa ife amene tilibe okonza pafupi: matenda ake akudziwika, monga kabatire ka wotchi ya m'kati kamene kamatha mphamvu, ndipo m'misiri wa zamagetsi wa ku Limbe angathe kukasintha atawerenga buku lokonzera. Musaiwale kuyerekeza ndi Yaesu FT-710 ya mu 2022, imene ili pa msinkhu womwewo.

A Phiri, Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Za batire ndi coax sindinaziwerengere mokwanira, choncho ndamuuza mlamu wanga kuti ayambe wafufuza yogwiritsidwapo kale ntchito mwezi uno, ndipo ikapanda kupezeka tigula IC-7300 yatsopano. A Tembo, kodi batire ya 100 Ah ingandikwanire madzulo amodzi pa FT8 ndikatsitsa mphamvu kufika pa mawati 30?