Ndikufuna kutsegula shopu ya zaulimi, laisensi ya ku khonsolo yokha ikwana?

MwanaWaKuMitundu:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndapeza kachipinda pa trading pano ndiye ndikufuna ndiyambe kugulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a mbozi mvula isanagwe. Dzina la bizinesi ndinalembetsa kale kwa Registrar General, TPIN (nambala ya msonkho) ya MRA ndili nayo, ya ku khonsolo ndikalipira sabata yamawa. Koma alamu anga akuti sizikwana, ati mankhwala ali ndi mapepala akeake. Nzoona zimenezi? Kandalama kanga nkongongola, sindikufuna adzandilande katundu.

AgroDealerWakale:
Alamu anuwo akunena zoona achimwene. Ya ku khonsolo ija imangokulolani kuchita malonda pamalopo basi, koma mankhwala ophera tizilombo amayang'anira ndi a Pesticides Control Board, ofesi yawo ili ku Bvumbwe, lamulo lake ndi la chaka cha 2000, ndipo popanda laisensi yawo simuloledwa kugulitsa olo kapaketi kamodzi ka mankhwala a anankafumbwe. Amafuna malowo akhale opita mphepo, mankhwala akhale paokha osati pambali pa shuga ndi mafuta ophikira, komanso mudzigulitsa okhawo amene analembetsedwa m'Malawi muno, ali m'botolo lake ndi lebulo yake. Zomatsanulira m'timabotolo ta Fanta kuti makasitomala agule pang'onopang'ono musayerekeze olo akudandaulireni bwanji, mwana kunyumba amangoona ngati chakumwa. Za mbewu kafunseni ku Seed Services Unit ku Chitedze, kwa inu mpafupi, ndi amene amalembetsa ogulitsa mbewu. Ndipo oda muzitenga kukampani kapena kwa distributor wawo, malisiti muzisunga.

MayiAwiri:
Chonde bambo tsatani ndondomekoyi. Ine chaka china ndinagula mbewu ya chimanga pa shopu ina, paketi yooneka bwinobwino, osadziwa kuti ndi chimanga cha m'nkhokwe angochipaka utoto. Kameredwe kake ka apa ndi apo, feteleza yense ndinathira uja anangopita pachabe, ndipo pobwerera kuti ndikadandaule ndinapeza atseka kalekale. Chaka chimenecho tinagula ufa kuyambira Okutobala. Panopa ndikalowa mushopu ndimayamba ndayang'ana kukhoma ngati apachika ziphaso.

Wa ku Dowa:
Kuwonjezera pang'ono, mukadzafuna kuika mankhwala a ziweto monga a njoka za m'mimba za mbuzi kapena katemera wa chitopa, amenewo ndi a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, omwe kale ankatchedwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ambiri amaona ngati pepala limodzi likwanira zonse. Katemerayonso amafuna firiji ndiye ganizirani za magetsi kwanuko.

MwanaWaKuMitundu:
Zikomo kwambiri nonse. Za ziweto ndiyamba ndazisiya kaye, firiji ndilibe. Lolemba ndilawirira ku Chitedze. A AgroDealerWakale, mashelefu ndikhomeretu kapena ndidikire adzaone kaye chipindacho?