Kodi "motto" n'chiyani, ndipo akusiyana bwanji ndi "slogan"?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Komiti ya sukulu yathu yagwirizana zoti pachikwangwani cha pageti tilembepo "motto", koma mamembala ena akumanena kuti "slogan" ngati kuti mawu awiriwa ndi amodzi. Ndikupempha odziwa Chingerezi atithandize tanthauzo lenileni la liwu lakuti "motto", komanso atiuze ngati mwambi wa makolo ungakhale m'malo mwake.

Nachisale:
Aphunzitsi, "motto" ndi mawu ochepa amene banja, sukulu, bungwe kapena dziko limasankha kuti akhale mfundo yotsogolera khalidwe lake kwa nthawi yaitali. Angerezi analitenga liwuli ku Chitaliyana m'zaka za m'ma 1500, ndipo ankatchulira mawu olembedwa pachizindikiro cha banja lolemekezeka. Mwambowo ulipobe, chifukwa pachizindikiro cha dziko lathu, chimene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1964, palembedwa "Unity and Freedom", kutanthauza umodzi ndi ufulu, ndipo ngakhale maboma akhala akusintha, mawuwo sanakhudzidwe. "Slogan" ndi mfuu wokopa anthu, monga wa chipani panthawi ya kampeni kapena wa kampani yotsatsa malonda, umene umasiyidwa ntchito yake ikatha. Chiyambi chake ndi mfuu wankhondo wa mafuko a ku Scotland.

Phiri wa ku Chipata:
Mayi Nachisale mwafotokoza bwino, komabe malire a mawu awiriwa sakhala oonekeratu nthawi zonse. Kwathu kuno "One Zambia, One Nation" ali pachizindikiro cha dziko, koma m'nthawi ya a Kenneth Kaunda mawu omwewo ankafuulidwa pamisonkhano, wolankhula akuyambitsa ndipo khamu likuvomera. Ndiwonjezere kuti "motto" amathanso kukonzedwa, ngakhale kuti si kawirikawiri. Mu 2021 akuluakulu a masewero a Olympic anawonjezera liwu lakuti "Communiter", kutanthauza limodzi, pa mawu awo achilatini akuti "Citius, Altius, Fortius", kutanthauza mwaliwiro loposa, pamwamba koposa, mwamphamvu zoposa.

Mphunzitsi Wopuma:
Aphunzitsi anzanga, ine ndiyankhe za mwambi. Mwambi ulibe mwini, aliyense amautola pamene nkhani yaufuna, pomwe "motto" ali ndi mwini amene wadzimanga nawo pamaso pa anthu. Choncho sukulu ikasankha "Mutu umodzi susenza denga" n'kuwalemba pageti, mwambiwo wasanduka "motto" wake, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa ngati aphunzitsi akulu aleka kumva maganizo a komiti. Pamenepa m'pamene ndimaona kuti sukulu zambiri zimaphonya, popeza zimasankha mawu aatali achingerezi amene mwana wa Sitandade 2 sangawatchule, n'komwe kuwamvetsa. A Scout akhala ndi mawu awiri okha, "Be Prepared", kuyambira nthawi ya Robert Baden-Powell amene anayambitsa gululi, ndipo mwana aliyense wolowa gululo amadziwa kuti akuuzidwa kukhala wokonzeka. Ngati komiti yanu ivomera, lembani anu m'Chichewa, ndipo musanaitane wolemba chikwangwani muwayese kaye pa ana a makalasi oyambirira, muone ngati angathe kufotokoza zimene mawuwo akuwapempha kuchita.