Thanki ya madzi amchere ndi makorali kuno ku Tete, ndiyambe kugula chani ndalama zili zochepa?

Mnyamata_wa_Moatize

Moni akuluakulu nonse. Ine kwathu ndi ku Tsangano koma ntchito inandibweretsa ku Moatize, nde ndakhala ndikuweta tinsomba ta madzi wamba, ma guppy ndi ma goldfish, koma pano mtima wapita pa zija za m'nyanja yamchere, makorali ndi ka clownfish ka mizere yoyera kaja. Vuto ndi loti pa YouTube aliyense akunena zake, wina akuti popanda skimmer, kachipangizo kochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu, usayambe nkomwe wina akuti nyali ndiye zonse, ndipo onsewo ali ku America kapena ku Europa komwe loja ya nsomba ili pafupi ndi khomo. Ine ndasunga 30 mil meticais basi. Ndiyambe ndi thanki ya malita angati, ndigule chani poyamba ndipo nchiti chingadikire? Mchere wa pamsika wamibulu uja sungagwire ntchito? Komanso msuweni wanga amayendetsa thiraki ya Beira, akuti atha kumanditungira madzi a m'nyanja m'mabidau ulele, nde ndimati mwina pamenepo ndapulumuka. Ndithandizeni chonde ndisanataye ndalama.

Mkulu_waku_Matundo

Mng'ono wanga, skimmer ndi nyali zisiye kaye pambali, kuno ku Tete zomwe zimapha thanki ndi kutentha, madzi ndi kuzima kwa magetsi, ndipo anthu a pa YouTube aja sazitchula kwambiri chifukwa kwawo kulibe Okutobala wathuyu.

Kutentha poyamba. Makorali amafuna madzi a 24 mpaka 26 digiri, akafika 29, 30 nkukhala pamenepo masiku angapo amayamba kuyera mbee, ndiye kuti ataya tindere tomwe timakhala m'thupi mwawo nkumawapangira chakudya, kenako amafa. Iwe ukudziwa wekha kuti Okutobala ndi Novembala kuno timadutsa 40, ndipo ngati nyumba yako ndi yamalata yopanda siling'i madzi amatentha ngati tiyi. Nde usanagule kalikonse gula ka termometro, tunga madzi mu ndowa, ika pamalo pomwe ukufuna kuika thanki, uziyeza masana cha m'ma 15 ora kwa masiku angapo. Nambala imeneyo ndiyo ikuuze ngati zitheke. Ventuinya yaing'ono yowuzira pamwamba pa madzi imatsitsa madigiri 2 kapena 3, ndipo imagwira bwino nthawi yachilimwe pomwe mpweya ndi wouma, koma Januwale mvula ikugwa kunja kuli chinyezi mphamvu yake imachepa. Ngati ndowa yako ikuwerenga 33 ventuinya siikupulumutsa, pamenepo ndi chiller, makina oziziritsa madzi, kapena chipinda cha AC, ndipo chiller yokha itha kumeza ndalama yako yonseyo osawerengera Credelec ya mwezi ndi mwezi. Mabotolo a madzi oundana a mu jeleira ndi a pangozi basi, sungakhale ukusintha mabotolo uli ku ntchito.

Za madzi a msuweni wakowo mthokoze koma ukane. Ku Beira ndi komwe Púnguè ndi Búzi amathira m'nyanja, madzi ake ndi amatope, osakanikirana ndi a mumtsinje ndipo doko lili pomwepo, si madzi oyera aja umawaona pa zithunzi za ku Bazaruto. Onjezerapo makilomita pafupifupi 600 pa thiraki padzuwa, tizamoyo tonse tam'madzimo tifera m'njira nkuwola, ndipo mabidau athuwa ambiri munali mafuta ophikira kapena dizilo. Mchere wa pamsika nawonso ayi, uja ndi sodium chloride pafupifupi yekhayekha, wam'mapaketi amathiramonso iodine ndi mankhwala oti usagwirane, pomwe makorali amafuna calcium, magnesium ndi carbonate pa mlingo wake. Ugule mchere wopangidwira ma aquarium, Red Sea, Aquaforest, Tropic Marin, Instant Ocean, uliwonse womwe waupeza motchipa, pa makorali ofewa onse amagwira. Lita imodzi imadya magalamu 35 mpaka 38, nde thanki ya malita 100 ndi pafupifupi 4 kg kudzaza koyamba, kenako ukamasintha malita 10 pa sabata ndi cha m'ma 1.5 kg pamwezi. Ndowa ya 20 kapena 22 kg ikufikitsa chaka. Gula ndowa, timapaketi tating'ono timakwera mtengo ndipo kuitanitsa kawirikawiri ndi komwe kumadula.

Madzi osungunulira mcherewo asakhale a pampopi kapena pa mjigo, mumakhala chlorine, phosphate, nthawi zina copper, ndipo copper amapha makorali ndi nkhono ngakhale atakhala wochepetsetsa. Pakufunika fyuluta ya RO/DI yochotsa zimenezi m'madzi, yaing'ono ya 50 kapena 75 GPD (magaloni patsiku) ndi yokwanira, ndi kacholembera ka TDS koyezera zosungunuka m'madzi, madzi otuluka aziwerenga 0 kapena pafupi. Dziwa kuti RO imataya malita 3 kapena 4 pa lita imodzi yabwino, otayikawo uzichapira kapena kuthirira maluwa, ndipo ngati mpopi wako umatuluka mofooka ufunika ka bomba kowonjezera mphamvu. Ukapanda kukwanitsa RO pano, gula madzi kwa aja amadzazitsa magalau koma yeza ndi TDS nthawi zonse usangokhulupirira.

Thanki ine ndingati malita 90 mpaka 120. Yaing'ono ya malita 30 imaoneka yotchipa koma kuno madzi amauma msanga makamaka ventuinya ikuwuzira, madzi akamauma mchere umatsala nde mu kathanki kakang'ono mchere umakwera tsiku limodzi lokha. Kumbukira pobwezera omwe auma umathira madzi a RO opanda mchere. Osaitanitsa thanki kunja, pita kwa odula magalasi akudulire 60 x 40 x 40 ya galasi la 6 mm, ndi malita 96, koma silikoni ikhale ya aquarium, ija ya kubafa ili ndi mankhwala ophera nkhungu. Ndipo tebulo likhale lolimba ndithu, madzi, miyala ndi galasi zidutsa 120 kg.

Magetsi akazima chomwe chimapha si mdima ayi, ndi madzi kuima, oxygen amatha m'maola ochepa ndipo madzi akatentha amatha msanga kwambiri. Ka pampu ka mpweya ka mabatire ndi kotchipa, kagule tsiku lomwelo ukugula thanki. Ukapeza ka UPS kosunga magetsi lumikizako wavemaker (pampu yoyendetsa madzi) yokha, nyali ayi.

WakuUlongwe

kkkkk achimwene a ku Matundo mwamuopseza mwanayu. Koma zoona zake ndi zomwezo. Ife kuno ku Angónia nkhani ndi yosiyana, Juni ndi Julayi kumazizira zedi nde ife timagula hita, watt imodzi pa lita, chiller sitiidziwa. Ukanakhala kwanu ku Tsangano bwenzi zili zophweka aise.

Ine maganizo anga ndi ena, 30 mil pa madzi amchere ndi yochepa ukawerengera transporte ndi alfândega, chifukwa zambiri uitanitsa ku Maputo kapena ku Johannesburg. Bwanji osaweta mbuna za m'nyanja ya Niassa? Mitundu yake ya buluu ndi yachikasu alendo akafika pakhomo amayesa ndi za m'nyanja yamchere, sizifuna mchere, sizifuna RO, zimapirira. Ndangonena, ndalama ndi yako.

Mnyamata_wa_Moatize

Zikomo akulu. Mbuna ndimazikonda koma mtima uli pa makorali basi, ndikagula mbuna ndizingoyang'anabe ma video omwewo kkk. Chipinda changa chili ndi siling'i ndipo chili mbali yomwe dzuwa la masana silimenya, ndiyesa za ndowa zija. Nanga miyala ndi mchenga, wa mu Revúboè sungachite ndikautsuka bwino? Ndipo msuweni yemweyo amafikanso ku Vilankulo nthawi zina, akuti anyamata a m'mphepete mwa nyanja atha kumuthyolera makorali.

Aphunzitsi_Chingodzi

Achimwene, za kuthyola makoralizo musayerekeze, ndipo msuweni wanuyo mumuuze asazinyamule pa thiraki ya abwana ake. Zilumba za Bazaruto zomwe zili moyang'anana ndi Vilankulo ndi parque nacional kuyambira 1971, Quirimbas kumpoto nakonso ndi kotetezedwa kuyambira 2002, ndipo makorali olimba onse ali pa Appendix II ya CITES, pangano la mayiko loteteza zamoyo pa malonda, kutanthauza kuti kuwadutsitsa pa malire, kaya pa Zóbuè kaya pa Cuchamano, pamafunika mapepala. Kupatula za malamulozo, korali wothyoledwa m'nyanja amabwera ndi nkhanu, nyongolotsi ndi tizilombo tina, ndipo anazolowera dzuwa ndi mafunde omwe thanki ya malita 96 singapereke, nde amangofa. Funani tizidutswa tomwe anthu ena oweta amadula m'mathanki mwawo, amatitcha ma frag, tinazolowera kale moyo wa m'galasi ndipo ena amangopereka kapena kusinthana.

Mchenga wa mu Revúboè ayi, ndi wa mumtsinje, ulibe calcium carbonate ndipo simudziwa zomwe madzi akokolola kumtundako. Mugule wa aragonite wochepa chabe, 2 cm pansi, kapena musaike mchenga nkomwe, thanki imayenda bwinobwino popanda. Miyala gulani youma ya aquarium, pafupifupi 1 kg pa malita 10, ndi yobowokabowoka nde mabakiteriya amakhala m'menemo, miyalayo ndiyo fyuluta yanu yeniyeni.

Chomwe chingakuthandizeni pa ndalama ndi ichi, thanki yatsopano siilandira nsomba tsiku loyamba. Mumathira madzi, miyala ndi pampu, nkuika kachidutswa ka kamarau kuti kawole, kamatulutsa ammonia, mabakiteriya amasandutsa ammonia kukhala nitrite kenako nitrate, ndipo zimatenga masabata 4 mpaka 6. Nthawi yonseyo nyali siifunika, nde ndalama ya nyali mutha kuisaka mwezi wotsatira. Zoyezera zofunika poyamba ndi za ammonia, nitrite ndi nitrate, kenako ya alkalinity makorali akalowa, izikhala pakati pa 7 ndi 11 dKH. Za calcium ndi magnesium zidikire, pa makorali ofewa kusintha madzi sabata ndi sabata kumabwezera. Koma refractometer yoyezera mchere musaisiye, mchere uziwerenga 1.025 kapena 1.026, ka hydrometer kapulasitiki ka muvi kaja kamanama kakagwidwa ndi thovu.

Makorali oyambira ndi ma mushroom, green star polyps, leather ndi ma zoanthid. Pa ma zoanthid ndi Palythoa samalani, ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin woopsa kwambiri, valani magolovesi, tetezani maso, musagwire muli ndi bala ndipo mwala womwe ali nawo musauwiritse pamoto ngakhale pang'ono chifukwa nthunzi yake imadwalitsa nyumba yonse. Ngati pakhomo pali ana ang'ono ine ndingati asiyeni. Nsomba ziwiri za ocellaris, ma clownfish aja, zobadwira m'mathanki zikwanira, sizifuna anemone kuti zikhale moyo, anemone amafuna thanki yokhwima ndi nyali yamphamvu ndipo amayendayenda mpaka kukalowa mu pampu. Nsomba ya buluu ija ana amaikonda, blue tang, imakula mpaka 30 cm, mu thanki yanuyo ayi.

Mnyamata_wa_Moatize

Zikomo kwambiri aphunzitsi, za Vilankulo ndazisiya. Nde pa nyali ndi skimmer mukuti bwa akulu a ku Matundo, skimmer ndisagule?

Mkulu_waku_Matundo

Usagule. Malita 96, nsomba ziwiri, kudyetsa pang'ono ndi kusintha malita 10 pa sabata, skimmer ilibe ntchito yoti uilirire, ndipo zotchipa zambiri zimangosokosa usiku ndi kusefukira. Ndalama imeneyo ipite ku RO. Sump, thanki yachiwiri ya pansi yosefera madzi, nayonso iwale, ka fyuluta kopachika kumbuyo kokhala ndi thonje ndi carbon kakwana, thonjelo uzisintha pafupipafupi lisawolere momwemo.

Wavemaker imodzi ndiyofunika, madzi azizungulira ka 20 pa ola nde funa ya malita 2000 pa ola kapena kupitirira pang'ono, za Jebao ndi zotchipa, zimadya ma watt ochepa ndipo mphamvu yake umatha kuchepetsa. Uilozetse chakumwamba madzi azigwedezeka pamwamba, zimathandiza oxygen komanso kuziziritsa.

Nyali usathamangire AI Prime kapena Radion, ndi zabwino koma si za thumba lako pano. LED ya marine ya 30 mpaka 50 watt yokhala ndi buluu wambiri, yotheka kuchepetsa kuwala, ikwanira makorali aphunzitsi atchulawo, maola 8 kapena 9 patsiku pa timer. Ija ya ma guppy ako siigwira. Ine ndimayatsa yanga kuyambira madzulo mpaka usiku kuti kutentha kwa nyali kusakumane ndi kwa masana, komanso ndi nthawi yomwe ndili pakhomo kuti ndiziiona. Poitanitsa yang'ana kuti ndi ya 220 V, za ku America zina ndi za 110 zimapsa ukangolumikiza, ndipo za ku South Africa zimabwera ndi pulagi yaikulu ya mano atatu ozungulira nde konzeratu adaputa. Ma extensão onse akhale pamwamba pakhoma osati pansi, waya aliyense azitsika kaye nkukwera kuti dontho lisatsetserekere mu soketi, madzi amchere ndi magetsi sizigwirizana.

Hita yaing'ono ugulebe ikafika Meyi, usiku wa Juni ngakhale ku Moatize madzi amatsika pansi pa 24. Za nsomba zamoyo tidzakambirana thanki ikakhwima, koma konzekera kuti zibwere pa ndege mpaka ku Chingodzi mu bokosi la esferovite, pa mashibombo kuchokera ku Maputo sizingafike zamoyo. Yamba ndi ndowa ija, utiuze ikuwerenga zingati cha m'ma 15 ora.